Ulalo wa pasinki

Mwala wa bambo unasweka Loweruka m'mawa, mpopi ukudontha, ine mpeni uli m'manja. Ndinali nditauika pamlomo pa sinki monga ndinkachitira zaka zonse, pansi pake nditayala kansanza konyowa. Nditakankha mpeni kachitatu, kansanzako kanatsetsereka, mwala n'kupendekeka, n'kugwera m'kati. Phokoso lake silinali lalikulu. Unangoti khu, basi. Nditautola unali zibenthu ziwiri, china chachitali, china chachifupi ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu ndikuzilumikizalumikiza, ngati mwana woganiza kuti akazigwirizitsa bwino zimatana zokha. Akazi anga anasuzumira pakhomo la khitchini n'kufunsa kuti, "Mwadzicheka, abambo?" Ndinati ayi. "Ndiye palibe kanthu," anatero, n'kubwerera kochapa. Sananame. Koma tsiku lonselo ndinali ngati munthu amene wamva za maliro akutali, oti sangapiteko komanso sangawauze anzake, poti womwalirayo kuno samudziwa.

Mwalawo bambo anabwera nawo kuchokera ku Joni, boma litaletsa Wenela kulemba anthu kuno opita kumigodi, ndege yake itagwa ku Francistown mu 1974. M'sutikesi mwawo munali bulangeti, wailesi, mpeni wa okapi ndi mwala umenewu, wotuwa, wa nkhope ziwiri, ina yokhakhala ina yosalala. Ndili mwana ndinkayesa kuti anachita kuukumba kumigodi komweko. Ndinadzamva nditakula kuti miyala yamtunduwu, imene amaitcha carborundum, siichokera m'phiri lililonse. Amachita kuiphika m'ng'anjo yamagetsi kuchokera ku mchenga ndi makala, njira imene anaitulukira Edward Acheson ku America mu 1891. Koma chimene ndinayamba kuchikumbukira Loweruka limenelo sichinali chiyambi cha mwalawo. Chinali kakhalidwe ka bambo ponola. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango, miyendo atatambasula, mwala atautsindira m'dothi pakati pa mapazi, chitini cha madzi chili pambali. Sankafuna chogwirira chilichonse. Dothi linkaugwira lokha mwalawo, ndipo madzi akatayika dothi lomwelo linkamwa. Makasu ndi zikwanje ankapita nazo kumtsinje, pathanthwe lina lokhala ndi timigula tosalala timene anakumba anthu onola kalekale, amene mayina awo palibe akuwadziwa. Ine ndinatenga mwala wozolowera dothi n'kuukhazika pachitsulo choterera m'nyumba ya m'Chitawira, ndipo kwa zaka zambiri sindinaone kuti pali chimene ndinasiya kumudzi.

Mphwanga wina amene ali ku Johannesburg atamva anatumiza mwala wina pabasi, wa ku Japan, mbali ina yolembedwa 1000, ina 6000. Mwala umenewu ndi waludzu. Umauviika m'beseni mpaka timathovu titasiya kutuluka, ndipo ponola umafuna uziuthira madzi pafupipafupi, n'kumatulutsa thope lofiirira lodetsa paliponse pamene lagwera. Ndinayesa patebulo, nsalu ya patebulo n'kuthimbirira. Ndinayesa pakhonde, msana n'kukana. Malo ake oyenera anali pasinki pomwe paja, pamene panasweka mnzake. Mphwangayo anandiuza pafoni kuti onola ambiri amadutsitsa thabwa pamwamba pa sinki, kuchokera mlomo wakutsogolo kukafika wakumbuyo, n'kuika mwala pamenepo kuti madzi ndi thope zizigwera pansi. Ndinaseka. Ndinati imeneyo ndi ntchito ya masana amodzi. Inanditengera miyezi itatu, ndipo kupanga kwenikweniko kunalidi kwa masana amodzi. Miyezi yonse inayo inathera posankha chopangira.

Ndinayamba ndi paini, poti ndiye thabwa la aliyense. Ndinayeza sinki ndi tepi, masentimita 40 m'kati mwake, n'kukwera minibasi ya ku Ndirande. Mnyamata wogulitsa matabwa anandidulira kachidutswa ka sikisi bayi wani, kakadali kozizira m'manja ndi kununkhira utomoni, ndipo anati kangotsika kumene kuchokera ku Chikangawa. Nkhalango ya kumeneko, mahekitala pafupifupi 53,000, anaidzala kuti idzadyetse fakitale ya mapepala imene siinamangidwe, ndipo pamapeto pake inadzakhala denga, bokosi la maliro ndi benchi la dziko lonse. Ndinakhomera timitengo tiwiri kunsi kuti thabwa lisamasunthe, n'kuyamba kunola ndili wokondwa. Unali mwezi wa June. Chiperoni chitabwera, phiri la Soche litabisala m'nkhungu masiku anayi, thabwa langa linayamba kupindika m'mbali ngati chipande. Mwala unkagwedera pang'ono pokha, koma pang'ono pomwepo n'pokwanira. Kunola konse kumadalira kuti mpeni upendekeke mofanana ulendo uliwonse, madigiri 15 kapena 20, ndipo dzanja limaphunzira kupendekeka kumeneko pokhapokha ngati chapansi chili chokhazikika. Chapansi chikamagwedera, mpeni umangozungulira mlomo, umanyezimira koma phwetekere osamulowa. Patatha milungu itatu kunsi kwa thabwa kunali chuku, ndipo misomali inali italira misozi ya dzimbiri.

Pamenepo ndinakwiyira mtengo uliwonse, n'kuyamba kuyang'ana zina. Chitseko cha kabati yakale, cha matabwa a utuchi wodindiza aja, chinafufuma tsiku limodzi ngati buledi wogwera mu tiyi. Thabwa lapulasitiki lodulirapo ndiwo silinaope madzi, koma pakati linkawerama ndikatsindika, n'kubwerera ndikasiya, ngati likundinyodola. Wowotcherera zitsulo wina wa m'mbali mwa msewu anati andipangire chachitsulo cha mawindo. "Ichi bwana mpaka zidzukulu," anatero akumenya chitsulocho ndi sipanala. Ndinaganiza za dzimbiri, za sinki yokalika, ndiponso za mwala wofewa wa ku Japan ukugunda pangodya yachitsulo, n'kumuthokoza. Kenaka ku Limbe ndinapeza zotsala za aluminiyamu kwa opanga mafelemu a magalasi. Apa ndiyenera kunena zoona: aluminiyamu inalibe mlandu. Siichita dzimbiri, siifufuma, ndi yopepuka, ndipo ikakhala yopindidwa ngodya siiwerama. Ndinaigwira, ndinaiyeza, ndinafunsa mtengo wake, ndalama zinali m'thumba. Ndinaibwezera pamulu n'kutuluka. M'minibasi pobwerera ndinadzifunsa chifukwa chake, ndipo yankho limene ndinadzipatsa, lakuti ikanamalira ngati belu ponola, ngakhale ine sindinalikhulupirire. Mwina sindinkafuna chinthu chimene sichidzakalamba nane. Mwinanso ndinkangofuna kuti nkhaniyo isathe msanga, poti ikatha ndiye kuti mwala wa bambo wasweka basi.

Amene anandikhazika mtima pansi ndi kalipentala wina wachikulire wa ku Zingwangwa, wogwirira ntchito pansi pa malata anayi, pensulo ili kukhutu. Nditafotokoza zonse ndi manja omwe, anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mukufuna ulalo, achimwene?" Mawu amenewo anandikhala. Ine ndinkati thabwa, mphwanga ankati mlatho, koma chinthucho chinalidi ulalo, wonga mitengo iwiri itatu imene amagoneka pakhwawa kuti anthu awoloke nthawi ya dzinja. Anayamba kuitchula mitengo umodziumodzi ngati akutchula ana a m'mudzi mwake ndi makhalidwe awo. Bulugamu ndi wolimba koma amang'aluka pouma, ndipo akakumana ndi chitsulo chonyowa amada ngati inki. Malaina ndi wofatsa, akauma sapindikapindika, koma kuti aume mpaka m'kati ndiye mudikire. Mbawa ndi yabwino koma yachepa. Paini si woipa, vuto n'lakuti ndinamugula wamuwisi n'kumupatsa ntchito asanapume. Anatenga thabwa langa lopindika n'kundionetsa kumutu kwake, pamene mizere ya zaka za mtengo imaoneka. Anati thabwa silitalika kapena kufupika kwenikweni, limafufuma ndi kufota m'lifupi, ndipo pamwamba pakanyowa pansi pali pouma, mbali ziwirizo zimakokana mpaka thabwa kupindika. "Madzi simungawaletse, achimwene. Inu apatseni njira." Ndiye anajambula pautuchi ndi chala: timatabwa titatu topapatiza m'malo mwa limodzi lotambalala, mipata pakati yolowa chala, kunsi mipiringidzo iwiri yogwira makoma a sinki.

Tinakangana pang'ono pa za kukhuthala kwake. Ine ndinkafuna chopyapyala kuti chisamalemere, iye anapukusa mutu n'kupinda kathabwa kena pabondo kuti ndione. Ndinakumbukira za kusukulu, kuti mtanda ukakhuthala kawiri sukana kuwerama kawiri kokha koma kasanu ndi katatu, ndipo ndinachita manyazi kuti munthu wa pensulo kukhutu amazidziwa m'manja pamene ine ndinaziiwala m'kope. Tinagwirizana pa inchi imodzi ndi theka. Misomali anaikana, anati akhomera zikhomo zamtengo ndi guluu wosaopa madzi. Vanishi anaikananso. Anati vanishi pamadzi imasweka timing'alu tosaoneka, madzi n'kulowa koma osatuluka, thabwa n'kumaola m'kati kunja likunyezimira. Bola kulipaka mafuta mwa apo ndi apo n'kumaliimika kuti liume likatha ntchito. Kunsi kwa mitu yake, pamene ulalo umagunda chitsulo cha sinki, anati ndimate mphira wa chubu chanjinga, ndipo wina ndiyale pamwamba pogona mwala. Kansanza konyowa kaja, kamene kanandiphera mwala wa bambo, malo ake akanatenga kale mphira wotayidwa kwa wokonza njinga aliyense, waulere. Ndinaganiza zimenezi ndili chiimire pautuchi, ndipo sizinandisangalatse.

Panatsala funso la mtengo weniweniwo, ndipo apa ndi pamene ndinayesedwa. Munthu wina amene anali kumvetsera anandilondola mpaka pamsewu n'kundinong'oneza kuti angandipezere mkungudza, wouma bwino, wosaola, woti chiswe sichiuyandikira. Anatulutsa kachipande m'thumba n'kundinunkhitsa. Fungo limenelo ndimalidziwa kuchokera m'timabokosi timene ankagulitsa kwa alendo, ndi m'denga la nyumba zakale za misheni. Mtima unafuna. Koma mkungudza ndi mtengo wa fuko kuyambira 1984, umamera mwachilengedwe pa Mulanje pokha, ndipo owerenga mitengo atayenda m'phirimo mu 2017 anapeza ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Tsono ine nditengeko kuti ndizinolerapo mpeni wodulira phwetekere? Kuchokera pamene ndinaima, Soche ankaoneka bwinobwino, wometedwa mpala, ali ndi zipsera zimene anasiya matope a namondwe Freddy mu March 2023, pamene phiri linatsikira pa anthu a ku Chilobwe usiku. Ndinakana. Komabe sindingadzitame nazo, poti magetsi akathima ndine woyamba kuitana wa makala pageti, ndipo sindimufunsa kuti thumbalo linali mtengo wanji, wa phiri liti. Kukana kachipande kamodzi n'kosavuta pamene anthu akukuona. Ndinafika kunyumba ndili ndi pulani ya ulalo koma wopanda thabwa.

Thabwalo linali m'nyumba momwemo nthawi yonseyi. M'chipinda chosungira katundu, kuseri kwa matumba a chimanga ndi njinga yothyoka, munali bedi la makolo anga limene tinabwera nalo kuchokera kumudzi mayi atamwalira. Mwendo umodzi unathyoka pagalimoto, ndipo kwa zaka zambiri ndinkati ndidzalikonzetsa. Ndinatulutsa mtanda wake wa m'mbali, wakuda ndi fumbi ndi utsi, wolemera bwino m'manja. Ndinaugoneka pakhonde n'kumauyang'ana mpaka tiyi kuzizira. Kudula bedi limene unabadwirapo si chinthu chopepuka, ngakhale utadziwa kuti palibe adzagonepo. Akazi anga anandipeza pamenepo. "Abambo, bedi losagonedwa ndi nkhuni. Mukalisiya, tsiku lina ana adzaphikira nyemba." Ndinaunyamula paphewa mpaka ku Zingwangwa. Madala aja atangopala kamodzi, utsi wa zaka zonse unachoka ngati khungu, pansi pake n'kutuluka mtengo wofiirira wa mizere yagolide. "Mlombwa uwu," anatero motsitsa mawu, ngati wakumana ndi mnzake wakale pamaliro. Mlombwa ukaudula uli wamoyo umatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Ukauma sufota kwambiri, suola msanga, ndipo n'chifukwa chake amasemera mabwato ndi mitondo. Uwu unali utauma zaka zoposa makumi anayi, kupindika kulikonse kumene unkafuna kupindika unapindika kale. Madalawo anadula mosamala kuti chotsala chikhale chachitali, n'kundibwezera osanena kanthu.

Tsopano Loweruka m'mawa ndimaviika mwala m'beseni, n'kugoneka ulalo pasinki. Mipiringidzo imalowa m'makoma ngati chivindikiro cha poto wake, mphira n'kugwira, ndipo ndikakankha ndi chikhatho palibe chisuntha. Mpopi sindiusiya ukutuluka ngati kale. Madzi athu ambiri amachokera ku Shire, pa Walker's Ferry, n'kukwezedwa ndi mapampu mamita pafupifupi 800 kuti afike mumzinda uno, ndipo munthu ukadziwa ulendo umenewo kapu imodzi imakwana. Ndimayamba ndi mbali ya 1000, zala zitatu zili pampeni, kukankha ndi kubweza, mawu ake ali ngati a munthu wosesa pabwalo lamchenga kutali. Thope limasonkhana, limatsikira m'mipata ya timatabwa, n'kudontha pansi. Pakapita kanthawi ndimapapasa kuseri kwa mlomo wa mpeni ndi chala chachikulu, kufuna kamzere kokhakhala kamene kamasonyeza kuti chitsulo chapyola mpaka kunsonga. Kakapezeka kuyambira kuchigwiriro mpaka kumapeto, ndimatembenuza. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kamzere kameneka kamaonekera wodekha yekha. Mbali ya 6000 ndi yongopukutira, mawu ake amachepa mpaka kumveka kudontha kwa madzi kokha. Pomaliza mpeni umalowa phwetekere ndi kulemera kwake kokha, ndipo masamba a mpiru amagwa ang'onoang'ono ngati tsitsi.

Patapita miyezi iwiri ndinaona kuti mwala watsopanowo wayamba kukumbika pakati. Poyamba ndinadandaula, ndinayesa mphwanga ananamizidwa. Koma ndi mmene umagwirira ntchito: timchenga take tikabuntha timachoka, tatsopano takuthwa n'kuonekera, ndipo thope limene ndinkadana nalo ndi mwala womwewo ukutha limodzi ndi chitsulo. Miyezi itatu ndinayendayenda kufuna chinthu chosasinthika ndi madzi, choti ndiikepo mwala umene sunola pokhapokha ukutha. Kuti ukhalenso wosalala umafunika kuukhula ndi china cholimba ndi chokhakhala kuposa iwo. Ndinatsegula dilowa n'kutulutsa chibenthu chachitali chija. Mbali yosalala bambo anaikumba ngati mtondo, koma yokhakhala sankaigwiritsa ntchito kawirikawiri, inali ikadali yowongoka, ndipo mwamwayi sanaithirepo mafuta, ankanolera madzi ndi malovu. Ndinajambula mizere ya pensulo pamwala watsopano, n'kuyamba kuukhula ndi wakalewo mozungulira mpaka mizere yonse itafufutika. Sindikufuna kukuza nkhani imeneyi kuposa msinkhu wake. Mwala wosweka ndi wosweka, ndipo ndikanakonda ukanakhala wathunthu. Koma manja anga anali pamene panali manja a bambo, thope la miyala iwiriyo linkatsikira pamtanda wa bedi lawo, ndipo ndinakhula nthawi yaitali kuposa imene inkafunika.

Ulalowo tsopano wayamba kuda m'mbali, ndipo mutu umodzi uli ndi kamng'alu kamene ndimakayang'ana mlungu uliwonse. Nthawi zina ndimaganiza kuti paini wouma bwino, wodulidwa timatabwa titatu monga anajambulira madala aja, akanagwira ntchito yomweyi, bedi likanakhala lathunthu kuseri kwa matumba, likudikira kukonzedwa kumene sikukanabwera. Nthawi zina ndimakumbukira aluminiyamu ija ya ku Limbe. Sindinagamule. Ndikatha kunola ndimaupukuta, n'kuuimika pawindo kuti uwombedwe mphepo, ndipo m'khitchini mumatsala kafungo ka mlombwa wonyowa kamene sindikumbuka kuti ndinakamvapo ndili mwana, ngakhale ndimafuna nditakumbuka.

Dzulo madzulo, nsima ili pamoto, ndinamva kwee, kwee, kuchokera kuseri kwa nyumba. Akazi anga anali atanjuta pasitepe ya khonde lakumbuyo, akunola kampeni kawo kodulira anyezi pangodya ya simenti, kawiri uku kawiri uko, monga achitira kuyambira tsiku limene tinalowa m'nyumba muno. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze za ulalo, za madigiri, za mwala wa ku Japan umene unali kuuma pawindo. Kenaka ndinayang'anitsitsa sitepeyo. Pangodya pake pali kamgula kosalala, konyezimira, kakuya ngati chala cha mwana, ndipo ndikuganiza kuti sanakayambe ndi iwo, poti m'nyumba muno munakhala mabanja ena ife tisanabwere. Anapukuta mpeni pachitenje, n'kuuyesa pachikhadabo, n'kundidutsa pakhomo.

"Tapatukani abambo, ndiwo zipserera."